Mphete Yomwe Inabiriwitsa Chala cha Tamanda

Mpaka lero azakhali ake a mkazi wanga akandiona ndanyamula kaphukusi, amayamba afunsa komwe ndagula asanandipatse moni. Amati ndi nthabwala, koma tonse awiri timadziwa komwe zinayambira. Nkhaniyi anzanga a kuntchito amaidziwa theka lokha, theka lija losandichititsa manyazi kwambiri. Lero ndati ndiulule yonse, mwina wina angapulumukirepo.

Ine ndine kalaliki pa kampani ina ku Ginnery Corner. Malipiro ake ndi aja oti mwezi ukangofika pakati umayamba kuyenda wapansi kuchokera m'tauni, n'kumauza anthu kuti adokotala anati uzilimbitsa thupi. Nthawi imeneyo ndinali pa chibwenzi ndi Tamanda, namwino wokhala ku Mpingwe, ndipo tsiku la chinkhoswe chathu linali litadziwika kale. Zovala zofanana zinali kwa telala, tambala wa pamwambo anali atamangidwa mwendo kwa amalume, makadi anali atayenda. Chotsala chinali mphete basi.

Ndinalowa mu shopu ina m'tauni, ya magalasi mbali zonse, momwe ngakhale mlonda amanunkhira bwino. Ndinaloza mphete imodzi yagolide. Mayi wogulitsa atatchula mtengo, ndinafunsa mwaulemu ngati akunena za mphete imodziyo kapena thireyi yonse. Sanaseke. Ndinagwira foni ngati yalira, ndinati "halo" kawiri, n'kutuluka cham'mbali (foniyo inali itazima kuyambira m'mawa).

Nditadandaula mu ofesi, mnzanga wina anandilowetsa m'gulu la malonda la pa intaneti. Mmene zimayendera ndi chonchi: wogulitsa amaika chithunzi cha katundu ndi mtengo woyambira, anthu n'kumapikisana kulemba mitengo m'munsimo. Ikakwana folo koloko masana, amene walemba mtengo wokwera kuposa onse ndiye watenga. Mumadutsa chilichonse m'menemo: mafoni, nsapato, mawigi, matayala, tsiku lina ndinaonamo ngakhale mbuzi.

Lachitatu lake inatulukira mphete. Pa chithunzi inkawala moti ndinachepetsa kuwala kwa foni. Wogulitsa, yemwe ankadzitchula kuti Bwana Dubai, analemba kuti ndi golide weniweni, anatumiza ndi mlongo wake wa kunja, ndipo akugulitsa motchipa chifukwa cha vuto la mwadzidzidzi. Mtengo woyambira unali K10,000. Mtima wanga unati Mulungu wayankha.

Ndinalemba K12,000. Pasanathe mphindi imodzi, munthu wina dzina lake Mayi Madalitso analemba K15,000. Ndinakweza, nawonso anakweza. Apa ndiyenera kuvomereza vuto langa limodzi: ine sindifuna kugonja anthu akuona. Ngakhale pa bawo ndimatha kukhala mpaka anzanga onse atapita. Ndiye pofika thuu koloko, nkhani sinalinso ya mphete ayi, inali ya ine ndi Mayi Madalitso. Ndinkawaona m'maganizo mwanga, mayi wonenepa wa galimoto, akundiseka ali pa mpando wozungulira. Chakudya chamasana sindinadye. Makalata oti ndilembe anaunjikana. Itatsala mphindi imodzi kuti ikwane folo, ndinalemba K62,000, ndipo mayi aja anangoti zii.

Ndinamenya tebulo ndi chisangalalo. Abwana anasuzumira pakhomo kufunsa ngati timu yathu yachinya.

Lamulo la gulu linali loti ndalama zitsogole, katundu pambuyo. Ndinatumiza pa foni nthawi yomweyo, ndipo m'mawa mwake ndinapempha kuti ndikaone wodwala, n'kukwera minibasi ya ku Limbe. Bwana Dubai ndinakumana naye pafupi ndi msika, kuseri kwa anthu okazinga tchipisi. Dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, iye anali mu jekete yachikopa ndi magalasi akuda.

"Bigi, mwachita mwayi," anatero akundipatsa kabokosi kofiira. "Madamu aja analira dzulo. Anandiimbira kuti awonjezera twente pamwamba, ine ndinati ayi, bizinesi ndi chilungamo."

"Koma ndi orijino eti?"

"Aaa, bigi, musandinyoze. Onani chidindo m'katimo. Koma musatsegule pano, Limbe ino akuba ndi ambiri."

Ndinamuthokoza chifukwa chondichenjeza za akuba. Inde, ndinamuthokoza, ndi manja awiri.

Mu minibasi ndinatsegula mobisa. Mphete inkawaladi, ndipo m'kati munali kachidindo ka manambala. Ndinailuma pang'ono monga ndinaonerapo anthu akuchitira, ngakhale sindinkadziwa kuti golide amayenera kumveka bwanji m'kamwa. Ndinagamula kuti ndi yeniyeni.

Chikhala kuti ndinangokhala chete, mwina nkhaniyi ikanathera pa ine ndi Tamanda. Koma pakamwa panga m'pomwe panandigulitsa. Amalume anga, a Makwinja, omwe anali nkhoswe yanga, ndinawauza kuti ndagula mu shopu ya magalasi ija. Tamanda ndinamuuza chimodzimodzi. Tsiku la chinkhoswe ku Mpingwe, nditatha kumuzindikira Tamanda pakati pa atsikana ofunditsidwa zitenje, ankhoswe atasinthana tambala ndi msoti, ndinanong'oneza wotsogolera mwambo kuti mpheteyo ndi golide wa ku Dubai. Munthuyo anali ndi maikolofoni ndipo ankaikonda. Analengeza katatu konse, kachitatuko anauza anthu kuti aimirire aombe m'manja.

Onse anaimirira kupatula munthu mmodzi: a Nambewe, azakhali ake a Tamanda, omwe anali nkhoswe ya kuchikazi. Ndi mayi wa Katolika, wa korona m'khosi, amene anamulera Tamanda kuyambira ali ku pulayimale. Anavala magalasi awo, anagwira dzanja la mwana wawo, n'kuyang'ana mphete ija nthawi yaitali. Kenako anandiyang'ana ine kuyambira ku nsapato.

"Paja munati mumagwira ntchito yanji, bambo?"

"Ya ukalaliki, azakhali."

"Oo. Ukalaliki wa masiku ano ndi wabwino."

Patapita masiku asanu ndi anayi, ine ndi Tamanda tinakumana m'tauni nthawi ya nkhomaliro. Tili pakati pa kudya, anavula mphete n'kutambasula dzanja patebulo. Pomwe panali mphete panali mzere wobiriwira, wozungulira chala chonse, ngati wajambula ndi cholembera.

"Taona," anatero.

Apa m'pomwe munthu wanzeru akanagwada. Ine ndinatafuna tchipisi pang'onopang'ono kuti ndipeze nthawi yoganiza, ndipo chomwe ndinaganiza ndi ichi:

"Ndinamvapo kuti anthu ena magazi awo sagwirizana ndi golide."

Ndinauza namwino zimenezo. Munthu woti tsiku lililonse amakhala ndi magazi a anthu m'manja. Tamanda anandiyang'ana osaphethira, kenako anavalanso mphete ija.

"Ndi magazi anga eti? Chabwino."

Nditabwerera ku ofesi ndinaimba nambala ya Bwana Dubai, sinkapezeka. Ndinalemba dandaulo m'gulu muja, linafufutidwa ndisanamalize kuliwerenganso. Loweruka ndinapita ku Limbe kukafunsa kwa okazinga tchipisi aja.

"Wajekete uja?" anatero mmodzi akutembenuza mbatata. "Inu anakugulitsani chani? Dzulo kunabwera bambo wina ndi ayironi yosatentha."

Anzake anaseka mpaka mmodzi anakhala pansi. Ndinagula tchipisi kuti ndichokepo mwaulemu.

Ndinabwera ndi nzeru ina. Ndinamuuza Tamanda kuti ku shopu akufuna mpheteyo akaipukute, ndi mmene amachitira ndi makasitomala awo olemekezeka. Anandipatsa osafunsa funso. Ndinabwereka kyutekisi wopaka zikhadabo, uja wopanda mtundu, kwa mayi wina wa mu ofesi, ndinaipaka m'kati ndi kunja, n'kuiumitsa pa windo. Chomwe ndinaiwala n'choti anamwino amasamba m'manja ndi sipiriti tsiku lonse. Pa masiku atatu kyutekisi anasupuka, ndipo posupukapo anatenga ndi golide yemwe. Mphete inatsala yofiirira ngati waya wa magetsi, chala chinabiriwira kuposa kale.

Lamulungu lotsatira a Nambewe anachiona chalacho. Lolemba m'mawa foni yanga inalira, anali amalume.

"Akuchikazi akutifuna Loweruka ku Mpingwe. Akuti nkhani ndi yaikulu. Wachita chiyani?"

"Palibe, amalume."

"Ndimadziwa. Ndawauza kuti iwe si mwana wa zibwana."

Ndinkachita mantha enieni, chifukwa Tamanda ndinkamukonda, ndipo ndinkaona ukwati ukundipulumuka m'manja chifukwa cha kanthu kosakwana ngakhale supuni.

Tinafika ku Mpingwe cha m'ma naini. Pabalaza panali a Nambewe ndi mchimwene wawo, bambo wofatsa amene tsiku la chinkhoswe sindinawamve mawu. Tamanda anakhala pa mkeka cha pakona, dzanja lili pa miyendo. Pakati pa tebulo panali sosa, mu sosamo munali mchere, pamwamba pa mcherewo panali mphete yanga. Pambali pake panali kabotolo ka madzi odalitsidwa. Ndinamva pambuyo pake kuti poinyamula kuchokera kuchipinda a Nambewe anagwiritsa ntchito foloko.

Pa mwambo wathu, nkhani ikafika kwa ankhoswe, mwini wake sumalankhula. Umakhala chete, ankhoswe n'kumakulankhulira ngati iwe kulibe. Ndiye a Nambewe anayang'ana amalume, osati ine.

"A Makwinja, ife tinakulandirani bwino. Pa chinkhoswe paja panalengezedwa katatu kuti ichi ndi golide. Ine ndakula, golide ndamuonapo. Golide sasintha munthu mtundu. Ndiye ngati ndi golide, chobiriwitsa mwana wanga n'chiyani? Ndiye kuti pali chomwe chinapakidwamo. Komanso mwana wanuyu anaitenganso masiku awiri, akuti kukapukuta, pobwera nayo chala chinaipiratu. Anapita nayo kuti? Timamva ife za anyamata a m'tauni. Ena amaika akazi m'botolo, ena amakhwimira chuma pa mkazi. Kalaliki golide wa ku Dubai amamupeza bwanji?"

Ndinali nditakonzekera kutchedwa wosauka, mwina wabodza. Za ufiti sindinaziganizeko.

Amalume anaimirira. Ndi mkulu wa mpingo, munthu woti akavala jekete yake yakuda ngakhale makondakitala amamubwezera chenji yonse.

"Mayi, mwana uyu ndamulera ine. Sande sukulu ndinkamuperekeza ndekha. Ku banja kwathu za mankhwala sitizidziwa, ndipo bodza sitimalidziwanso. Ngati wanena kuti ndi golide, ndi golide. Ndikuikapo dzina langa. Tiyeni tonse tikwere minibasi pompano, tipite ku shopu komwe anagula, akatiuze okha."

"Tiyeni," anatero a Nambewe akufunafuna chikwama. "Ndipo akakatiuza kuti ndi golide weniweni, tambala wanu mudzamutenge. Mwana wanga sindimupereka kwa munthu wa zitsamba."

Taganizani pomwe ndinali. Mphete ikakhala yeniyeni, ndine mfiti ndipo ukwati watha. Ikakhala yabodza, ndine wabodza, ndipo amalume angoika dzina lawo pa bodza langalo. Ku shopu nako mayi uja akanandikumbukira ngati bambo wa thireyi. Ndinayang'ana kwa Tamanda kuti mwina andithandiza. Ankangondiyang'ana, nkhope ili phee, ngati mmene amadikirira wodwala kuti ameze mankhwala.

Ndinakoka jekete ya amalume n'kuwanong'oneza kuti sindinagule ku shopu.

Tsoka lake, khutu lawo la kumanzere linasiya kugwira ntchito kalekale.

"Ukuti chiyani? Kweza mawu, pano palibe chobisa."

Ndinanong'onezanso.

"Lankhula ngati mwamuna, iwe."

Ndiye ndinalankhula. Ndinanena zonse, maso ali pa sosa: za mtengo wa mu shopu, za gulu la pa intaneti, za wajekete wa ku Limbe, za kyutekisi. Pamene ndinkafika pa kyutekisi, amalume anali atakhala pansi, pang'onopang'ono. Manyazi omwe ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo chibadwire. Sanali a umphawi ayi. Anali oona munthu wamkulu amene wangondiikira kumbuyo ndi mtima wake wonse akusowa poyang'ana.

"Umboni uli kuti?" anafunsa a Nambewe, ulendo uno akundiyang'ana ine. "Wamankhwala aliyense akagwidwa amapeka nkhani."

Ndinatsegula foni, ndinapeza tsiku la mpikisano lija, n'kuwapatsa ndi manja awiri. Anavala magalasi. Anayamba kutsitsa ndi chala, akuwerenga mitengo mokweza kuti aliyense amve kupusa kwanga. "Fifitini. Twente. Twente-faifi." Kenako mawu anayamba kuchepa. Anabwerera m'mwamba, anatsikanso. Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi chitenje.

"Mayi Madalitso," anatero chapansipansi.

Ndiye mchimwene wawo uja, bambo wosalankhula, anatsokomola.

"Achemwali, si uja munkalimbana naye pa ketulo?"

"Inu khalani chete."

"Ketulo ija munati inapsa ndi magetsi obwera mwamphamvu?"

Zinadziwika kuti miyezi iwiri m'mbuyomo, a Nambewe anakhala tsiku lonse m'gulu lomwelo, kupikisana ndi Mayi Madalitso pa ketulo yamagetsi ya ku Dubai. Anapambana folo koloko itatsala pang'ono. Anakaitenga ku Limbe kwa bambo wa jekete yachikopa, amene anawauza kuti madamu ena analira. Tsiku loyamba kuiika pa magetsi, ketulo inasungunuka pansi madzi asanafunde.

"Anti," anatero Tamanda, kulankhula koyamba chifikireni, "Mayi Madalitso kulibe. Ndi wajekete yemweyo, ali ndi foni yachiwiri. Amadzikwezera yekha mtengo. Kuntchito kwathu anapusitsa anthu angapo."

Ine ndi a Nambewe tinayang'anana. Tonse awiri tinali titadana ndi mayi woti sanabadwe n'komwe. Mchimwene wawo ndiye anayamba kuseka, kuseka kopanda mawu, mapewa okha akugwedezeka. Kenako a Nambewe nawo analephera kupirira. Anatola mphete ija mu mchere ndi zala zawo, foloko ataiiwala, n'kuiponya patebulo.

Tamanda yekha sanaseke. Anapempha ankhoswe kuti alankhule, anamulola.

"Ine ndinadziwa tsiku lachiwiri kuti ndi kopa, si golide. Anti ndinawauza kuti si mankhwala, sanandimvere. Koma kuti ndinene komwe yachokera, ndinkadikira mwini wake. Ukanabwera ndi ya waya n'kundiuza kuti ndi yomwe wakwanitsa, ndikanaivala, ndipo ndikanaionetsa kwa aliyense. Malipiro ako ndimawadziwa, sindinakuvomere chifukwa cha Dubai. Chinandiwawa n'choti unati ndi magazi anga. Unalolera kuti vuto likhale ine."

Ndinatsika pa mpando, ndinagwada pa simenti, n'kupepesa kwa iye, kwa azakhali, kenako kwa amalume. Misozi inatuluka ndithu, sindibisa. Tamanda anandisiya ndigwade kanthawi (akuti ankawerenga masiku onse omwe chala chinali chobiriwira), kenako anati ndidzuke, wamva.

Ankhoswe anagamula kuti ndipereke nkhuku kuchikazi chifukwa chowaonongera Loweruka, ina kwa amalume chifukwa chowaimiritsa pachabe. Za ketulo anagwirizana kuti zisatuluke m'nyumbamo, ndipo ine ndasunga pangano limenelo mpaka ndime zingapo zapitazi.

Pobwerera, ine ndi amalume tinakwera minibasi kuchokera ku Limbe mpaka pa Ginnery Corner. Minibasi itaima, anandiyang'ana.

"Ulendo wina ukafuna kunama, uzindiuza ndisanaimirire."

Ukwati unachitika. Mphete zake tinakagula limodzi ndi Tamanda, zasiliva, zopanda mwala, zotsika mtengo kuposa zonse mu thireyi. Risiti yake amasunga a Nambewe m'buku lawo la mapemphero. Masiku ano ndi iwo amene amandiikira kumbuyo pa nkhani za m'banja, amati ine ndi iwo tinadwalapo matenda amodzi. Mphete yakale ija Tamanda anaikoloweka ku makiyi a nyumba, ndipo yada bii.

Mwina mukuganiza kuti m'gulu muja ndinatulukamo. Ndilimobe, koma cholinga changa n'kuchenjeza ena (ndi zomwe ndimanena kunyumba). Sabata yatha munatulukira firiji ya zitseko ziwiri, yochokera kunja, mwini wake ali pa vuto la mwadzidzidzi. Amene ankatsogola anali mayi wina dzina lake Mayi Chimwemwe. Ndinadziuza kuti uyu ndi wina, dzinanso n'losiyana. Sindikudziwa kuti zinachitika bwanji, ndinangoona chala changa chalemba kale mtengo, chatsala n'kutumiza.

Tamanda anali kumbuyo kwanga. Anangoika makiyi a nyumba patebulo, pafupi ndi foni, n'kupita kukhitchini.

Ndinafufuta manambala aja limodzilimodzi. Koma firiji ija inali yokongola, anthu inu.